Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Malangizo kwa Achinyamata pa za Ubongo ndi Kukhazika Maganizo

Kukhazika maganizo ndi luso loika chidwi chonse pa chimene chikuchitika pa nthawi imeneyo, kaya ndi mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno, phokoso limene likumveka, kapena ganizo limene labwera m'mutu, popanda kulikankha kapena kulithamangira. Munthu amachita zimenezi mwadala, ndipo maganizo akasochera amawabweza. M'mabuku a akatswiri a zamaganizo lusoli limatchedwa mindfulness. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, ofufuza akhala akujambula ubongo wa anthu amene amachita zimenezi, pofuna kudziwa ngati kapangidwe kake kamasintha. Zimene apeza n'zoyenera kuti wachinyamata azidziwe bwino, chifukwa nkhaniyi yafala pa intaneti ndi m'mafoni, ndipo kawirikawiri imakambidwa mokokomeza.

Kumene lusoli linachokera

Mizu ya lusoli ili m'chiphunzitso cha Chibuda, chimene chinayambira kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Amonke a ku Sri Lanka, Myanmar, Thailand, Tibet ndi Japan analisunga ndi kuliphunzitsa mibadwomibadwo monga mbali ya moyo wawo wauzimu. Linalowa m'chipatala m'chaka cha 1979, pamene Jon Kabat-Zinn, wasayansi amene anaphunzira ku Massachusetts Institute of Technology, anatsegula kiliniki yothandiza anthu opanikizika m'maganizo pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts, mumzinda wa Worcester ku America. Ambiri mwa odwala amene madokotala ankamutumizira anali a ululu wokhalitsa umene mankhwala sankauthetsa. Iye anachotsamo miyambo ndi mapembedzedwe n'kusiya luso lokhalo loika chidwi, kotero kuti Mkhristu, Msilamu ngakhalenso wosapembedza akhoza kuliphunzira.

Maphunziro amene anakonza, odziwika ndi zilembo za MBSR, amatenga milungu 8. Ophunzira amakumana kamodzi pamlungu kwa maola awiri ndi theka, amapatsidwa zochita kunyumba kwa mphindi 45 patsiku, ndipo chakumapeto amakhala tsiku limodzi ali chete. Pamsonkhano woyamba aliyense amalandira mphesa imodzi youma. Amauzidwa kuti aiyang'ane makwinya ake, aigwiregwire ndi zala, ainunkhize, aiike palilime osaitafuna kaye, kenako aitafune pang'onopang'ono mpaka amve ikutsika kukhosi. Kanthu kamene kamadyedwa m'kuphethira kwa diso kamatenga mphindi zingapo. Apa wophunzira amadzionera yekha kuchuluka kwa zinthu zimene amachita tsiku ndi tsiku thupi lili pano, maganizo ali kwina.

Ubongo umasintha malinga ndi ntchito

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo uli ndi maselo otumiza mauthenga okwana pafupifupi 86 biliyoni. Ngakhale kuti ndi gawo laling'ono la thupi, umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akamapumula. Kale asayansi ambiri ankakhulupirira kuti munthu akakula, kapangidwe ka ubongo wake kamauma ndipo sikasinthanso. Lero zadziwika kuti maselo amene amagwira ntchito limodzi kawirikawiri amalimbitsa mgwirizano wawo, pamene njira zimene sizikugwiritsidwa ntchito zimafooka.

Umboni wina wotchuka unachokera ku London. Munthu wofuna chiphaso choyendetsera matakisi akuda a mumzindawu amayenera kuloweza misewu pafupifupi 25,000, ndipo zimenezi zimatenga zaka zitatu kapena zinayi. M'chaka cha 2000, Eleanor Maguire wa ku University College London anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira malo ndi njira, inali yokulirapo mwa madalaivalawa poyerekeza ndi anthu ena. Mu 2011 iye ndi Katherine Woollett anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotsatira ophunzira udalaivala kuyambira pachiyambi, ndipo kukulaku kunaoneka mwa okhawo amene anakhoza mayeso. Ku Regensburg m'dziko la Germany, ofufuza ena anasonyeza mu 2004 kuti anthu amene kwa miyezi itatu anaphunzira kuponya timipira titatu m'mwamba mosinthanasinthana osagwetsa, anakula pang'ono kachigawo ka ubongo koona zinthu zoyenda. Atasiya kuchita zimenezi kwa miyezi ina itatu, kukulako kunayamba kubwerera m'mbuyo. Funso la ofufuza za kukhazika maganizo linabadwira pamenepa: ngati kuloweza misewu kumasintha ubongo, kodi kuphunzitsa chidwi sikungausinthenso?

Zigawo za ubongo zimene zimakhudzidwa

Mkati mwa ubongo, chapafupi ndi makutu onse awiri, muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala. Ntchito yake yaikulu ndi kuzindikira choopsa msanga n'kudzutsa thupi. Mtima umagunda, manja amatuluka thukuta, ndipo m'magazi mumalowa timadzi ta adrenaline ndi cortisol. Kuseri kwa mphumi kuli chigawo cha prefrontal cortex, chimene chimalingalira, kukonza mapulani ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma. Chigawochi chimamaliza kukhwima munthu akamafika zaka za m'ma 25, ndipo n'chifukwa chake mtima wa wachinyamata umafulumira kupsa kapena kutengeka nzeru zisanafike. Palinso insula, imene imamva zochitika m'kati mwa thupi monga kugunda kwa mtima ndi kupuma, komanso hippocampus ija yosunga zokumbukira.

Mtsikana wa Fomu 4 amene mawa akulemba mayeso a masamu akhoza kukhala ndi buku lotsegula patsogolo pake, nyali ikuyaka, maso ali patsamba, koma osaona chilembo ngakhale chimodzi. Maganizo ake ali pa ndalama za fizi zimene makolo anavutika nazo, pa mawu amene anzake adzanene akalephera, pa mayeso a chaka chatha amene sanakhoze bwino. Mtima ukugunda ngati kuti choopsacho chili m'chipindamo, chonsecho chili m'mutu mokha. Mu 2001 Marcus Raichle wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis anafotokoza za gulu la zigawo za ubongo zimene zimagalamuka munthu akakhala kuti sakuchita ntchito yofuna chidwi, ndipo n'zimene zimagwira ntchito kwambiri pamene akubwereza zakale kapena kudera nkhawa zamawa. Mu 2010 Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anafunsa anthu 2,250 kudzera pafoni, nthawi zosiyanasiyana za tsiku, kuti akuchita chiyani ndipo akuganiza chiyani. Pafupifupi maulendo 47 mwa 100 aliwonse, maganizo a anthuwo anali kwina, ndipo pa nthawi zoterozo ankanena kuti sakusangalala kwenikweni.

Zimene ofufuza oyamba anapeza

Pofuna kuona kapangidwe ka ubongo, ofufuza amagwiritsa ntchito makina a MRI. Munthu amagona chagada pakabedi kamene kamalowa m'chimphanga cha maginito amphamvu, mutu atauchirikiza kuti usagwedezeke, m'makutu atatsekamo chifukwa makinawo amagogoda mwaphokoso. Kenako kompyuta imayeza kuchindikala kwa chikuto cha ubongo, chimene chimangokhala mamilimita awiri mpaka anayi. Kusiyana kumene ofufuza amafunafuna n'kochepa kuposa milimita imodzi, kotero kugwedeza mutu pang'ono chabe kukhoza kusokoneza muyeso.

Richard Davidson wa ku University of Wisconsin-Madison anakumana ndi Dalai Lama, mtsogoleri wa Chibuda cha ku Tibet, mu 1992, ndipo pambuyo pake anayamba kupima amonke a chipembedzochi. Mu 2004 gulu lake, motsogozedwa ndi Antoine Lutz, linapima anthu 8 amene anali atasinkhasinkha kwa maola 10,000 mpaka 50,000 pamoyo wawo, ndipo linapeza kuti mafunde amagetsi a mu ubongo wawo anali osiyana kwambiri ndi a ophunzira ongoyamba kumene. Uku kunali kupima kagwiridwe ka ntchito ka ubongo. Za kapangidwe kake zinadza mu 2005, pamene Sara Lazar wa pachipatala cha Massachusetts General anayerekeza anthu 20 ozolowera kusinkhasinkha ndi anthu 15 osachita zimenezi. Mwa ozolowerawo, chikuto cha ubongo chinali chochindikalirapo pa insula ndi pa mbali zina za prefrontal cortex, ndipo kusiyanaku kunaonekera kwambiri mwa achikulire.

Vuto la kafukufuku wotere ndi lakuti sanganene chimene chinayamba. N'kutheka kuti anthu obadwa ndi ubongo wotero ndi amene amakopeka ndi kukhala chete. Pofuna kuthetsa funsoli, Britta Hölzel, wa m'gulu lomwelo la Lazar, anajambula anthu asanayambe maphunziro a MBSR ndiponso atamaliza. Mu 2010 anapeza kuti mwa anthu 26, amene ananena kuti kupanikizika kwawo kwatsika kwambiri ndi amenenso amygdala yawo inasintha kwambiri. Mu 2011 anayerekeza ophunzira 16 ndi anthu 17 osaphunzira, ndipo ananena kuti hippocampus ya ophunzirawo inalimba, atachita zimenezi kwa mphindi pafupifupi 27 patsiku. Chaka chomwecho Judson Brewer wa ku Yale anasonyeza kuti mwa ozolowera kusinkhasinkha, zigawo zija zoyendetsa maganizo uku ndi uku zimakhala zodekha. Nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinalengeza kuti milungu 8 ndi yokwanira kusintha ubongo, ndipo mawu amenewa ndi amene akubwerezedwabe mpaka lero.

Kafukufuku wamkulu amene anabweza nkhani m'mbuyo

Asayansi osamala anaona msanga kuti ziwerengerozi n'zochepa. Anthu 16 sangaimire mtundu wonse wa anthu, ndipo munthu akayeza malo ambirimbiri mu ubongo wa anthu ochepa, sipalephera kupezeka malo ena osiyana mwamwayi chabe. Mu 2014 Kieran Fox wa ku University of British Columbia m'dziko la Canada anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 21 wokhudza anthu pafupifupi 300. Anapeza zigawo 8 zimene zinkatchulidwa mobwerezabwereza, koma anachenjeza kuti magazini a zasayansi amakonda kusindikiza kafukufuku amene wapeza kanthu, pamene amene sanapeze kanthu amatsala m'makabati.

Yankho lolimba linatuluka mu 2022, ndipo linachokera m'gulu la Davidson yemweyo, munthu amene wathera moyo wake pa nkhaniyi. Tammi Kral ndi anzake anatenga anthu 218 amene anali asanasinkhesinkhepo, n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linaphunzira MBSR, lachiwiri linachita maphunziro ena a zaumoyo otenga nthawi yofanana, lachitatu linangodikira. Patatha milungu 8, makina sanasonyeze kusiyana kulikonse pa kapangidwe ka ubongo pakati pa maguluwo. Ofufuzawo anasindikiza zimenezi poyera m'magazini ya Science Advances, ngakhale kuti zinkatsutsana ndi zimene anthu ambiri ankayembekezera.

Chithunzi chonse tsono ndi chotere. Pali umboni wakuti kagwiridwe ka ntchito ka ubongo kamasintha munthu akamakhazika maganizo, ndiponso wakuti ubongo wa anthu amene achita zimenezi kwa zaka zambiri umasiyana m'malo ena ndi wa anthu ena. Koma zoti miyezi iwiri ndi yokwanira kukulitsa chigawo cha ubongo sizinatsimikizike. Madalaivala a ku London anatenga zaka. Wachinyamata aphunzirepo kanthu pa khalidwe la ofufuzawa: munthu woona mtima amayesanso chimene akuchikhulupirira, ndipo zikatuluka zosiyana amanena zoona. Chithunzi chokongola cha ubongo chimene chabwera pa WhatsApp kapena pa Facebook chisamutenge mtima asanafunse kuti anthu amene anapimidwa ndi angati, anayerekezedwa ndi ndani, ndipo ena atabwereza anapeza chiyani.

Phindu limene lili ndi umboni

Kusaoneka kwa kusintha pamakina sikutanthauza kuti lusoli n'lopanda ntchito. Chofunika kwa munthu wovutika ndi chakuti apeze bwino, ndipo pamenepa umboni ulipo. Mu 2014 Madhav Goyal wa ku Johns Hopkins University anaunika kafukufuku 47 wokhudza anthu 3,515. Anapeza kuti kukhazika maganizo kumachepetsa nkhawa, kuvutika maganizo ndi ululu pamlingo wapakatikati, koma sanapeze umboni wakuti kumaposa mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Akatswiri atatu, Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, anakonza maphunziro ena otchedwa MBCT, othandiza anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera. Kafukufuku wa ku Britain wa anthu 424, amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2015, anapeza kuti matendawa anabwerera mwa anthu 44 pa 100 aliwonse amene anatsata njirayi, poyerekeza ndi 47 mwa amene anapitiriza kumwa mankhwala. Mu 2022 Elizabeth Hoge wa ku Georgetown University anapeza kuti kwa akuluakulu odwala matenda a nkhawa, MBSR inathandiza mofanana ndi mankhwala a escitalopram.

Palinso zotsatira zimene zimakhudza achinyamata mwachindunji. Kafukufuku wotchedwa MYRIAD, amene anachitika m'masukulu 84 a ku Britain pa ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14, anapeza mu 2022 kuti kuphunzitsa kalasi yonse kukhazika maganizo sikunapose maphunziro a masiku onse a zaumoyo wa maganizo. Ana ambiri sankachita zimene anauzidwa kukachita kunyumba, ndipo ambiri sanazikonde. Luso lotere silikakamizidwa. Limapindulira munthu amene walifuna yekha ndipo akulichita mokhulupirika.

Kachitidwe kake

Wachinyamata wofuna kuyamba safunika ndalama, chovala chapadera kapena foni yodula. Asankhe nthawi imodzi patsiku, monga mbandakucha ntchito zisanayambe kapena madzulo atatha kudya, ndi malo opanda chipwirikiti. Akhale pampando kapena pamphasa msana uli chilili koma osaumitsa thupi, manja ali pamiyendo, maso atatseka kapena atayang'ana pansi. Asasinthe kapumidwe kake. Angomvetsera mpweya pamene ukukhudza mphuno, kapena mimba ikamatukuka ndi kuphwa. Pasanathe ngakhale mphindi imodzi maganizo adzachoka. Adzapita ku ngongole, kwa bwenzi, ku mawu opweteka amene wina ananena dzulo. Akazindikira kuti achoka, aone kumene anapita, kenako awabweze pampweya popanda kudzikalipira.

Ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti alephera, chonsecho kubwezako ndiye ntchito yeniyeniyo. Mnyamata woweta mbuzi sayembekezera kuti ziweto zake ziima malo amodzi tsiku lonse. Ubusa wake uli pa kuona msanga kuti imodzi yalunjika kumunda wa eni, n'kuikusa mosapsa mtima, ngakhale kakhumi. Cholinga si kukhala ndi mutu wopanda ganizo, koma kuzindikira ganizo likamabwera n'kusankha chochita nalo. Mphindi 5 kapena 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pamwezi. Akazolowera, lusoli likhoza kulowa m'ntchito zina monga kuyenda, kutsuka mbale, kudya, ngakhale kumvetsera mnzake akulankhula popanda kukonzekera yankho m'mutu. Phindu lake limaonekera pa zinthu zazing'ono: kupuma katatu asanayankhe uthenga wokwiyitsa, kubwerera patsamba la buku maganizo atathawa, kuzindikira mkwiyo usanafike m'manja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malire ake ndi zoyenera kusamala

Si aliyense amene kukhala chete kumamuyanja. Jared Lindahl ndi Willoughby Britton a ku Brown University anasindikiza mu 2017 zimene anamva kwa anthu 60 amene anakumana ndi zovuta posinkhasinkha, monga mantha aakulu, kusowa tulo, kukumbukira zoopsa zakale, ndi kudzimva ngati wachoka m'thupi lake. Zoterezi zikhoza kuchitika makamaka kwa ochita kwa maola ambiri. Wachinyamata amene anaonapo zoopsa, monga kugwiriridwa, nkhanza kapena ngozi, ayambe pang'ono, maso ali otsegula, ndipo akaona kuti mtima ukuwawa kwambiri aleke n'kufunsa odziwa. Amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo asawasiye popanda kukambirana ndi dokotala.

Ubongo umasamalidwanso ndi zinthu zina zimene umboni wake ndi wolimba. Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo foni yogona nayo pamtsamiro ndi imene imaba tulo timeneti. Kuyenda ndi kuthamanga kumathandiza: mu 2011 Kirk Erickson anapeza kuti pa achikulire 120, amene anayenda ndawala katatu pamlungu kwa chaka chimodzi anakula hippocampus ndi magawo pafupifupi awiri pa 100. Mowa ndi chamba zimasokoneza ubongo umene sunamalize kukhwima, ndipo mphindi 10 zokhala chete sizingakonze zimene izi zikuwononga. Kukhazika maganizo sikulipira fizi, sikupereka ntchito, ndipo sikuchotsa wankhanza pakhomo. Kumathandiza munthu kuona vuto lake bwinobwino kuti achitepo kanthu mwanzeru.

Pali nthawi imene kudzithandiza wekha sikukwanira. Wachinyamata amene watha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa, osagona, osafuna kudya, osakondwa ndi zimene ankazikonda, kapena amene akuganiza zodzipha, sakufunika kukhala yekha m'chipinda. Akufunika anthu. Auze kholo, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti, kapena mnzake wodalirika, ndipo apite kuchipatala. M'Malawi muno thandizo la matenda a maganizo limapezeka m'zipatala za m'maboma, ku chipatala cha Zomba Mental, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anyamata makamaka asanyengedwe ndi mawu akuti mwamuna salira, pakuti matenda a maganizo ndi matenda ngati ena onse ndipo amachizika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kukhazika maganizo kumagwira bwino ntchito pamodzi ndi tulo tokwanira, thupi lotakataka, abale omvetsera ndi chithandizo cha kuchipatala pamene chikufunika.